Mlendo ndi mame: tisayeze maiko ndi maso a wodutsa

Pali nkhambakamwa imene yamera mizu pakati pa achinyamata a kumapiri a Neno, ndipo ndi bwino tiitsutse poyera isanatithere minda. Nkhambakamwayo imati dziko lililonse lotizungulira n'labwino kuposa lathu, kotero kuti chatsalira mnyamata wanzeru ndi kusankha kolowera basi: ku Tanzania, ku Zambia kapena ku Mozambique. Mkangano ukabuka pa Nsambe kapena pa Neno boma, sukhalanso woti tichoke kapena tikhale. Umakhala woti kwabwino koposa n'kuti. Wina amatama sitima yamagetsi ya ku Taifa, wina mphamvu ya kwacha ya ku Zambia, winanso nthaka ya ku Angónia imene akuti chimanga chimabereka popanda kuchinyengerera. Pakutha pa nkhani zotere pamapezeka mwana wa munthu amene wapinyolitsa munda wa mbatatesi kuti apeze ya basi.

Abale ndi alongo, ndinene mosapsatira kuti muyeso umene tikugwiritsa ntchitowu ndi wabodza. Ambiri mwa amene amatibweretsera mbiri za maikowa ndi anthu amene adakhalako sabata imodzi, kuoda katundu n'kubwerera. Sakunama pa zimene adaona, koma adaona ndi maso a mlendo. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mame sadziwa mmene dzuwa la masana limawotchera pamalo pamene adagona. Mlendo amafunsa mtengo wa zitenje, ukhondo wa chipinda chogona ndi nthawi yonyamukira basi. Wokhalitsa amafunsa zina: ndikadwala andilandira kuti, mwana wanga aphunzira m'chinenero chanji, munda umene ndikulimawu ndi wa yani, wapolisi akandiimika ndimuonetsa chiyani, ndipo ndikafa andiika pati? Dziko likhoza kukhoza mayeso oyambawo n'kulephera achiwiri.

Wina asaganize kuti ndikuletsa kuyenda. Makolo athu adali anthu a ulendo. Ayao ankafika ku Kilwa ndi ku Zanzibar ndi malonda kalekale azungu asanajambule mapu athu, ndipo dzina lenilenilo la Angónia likukumbutsa kuti Angoni a tsidya lino ndi a tsidya ilo ndi mtundu umodzi. Malire amene akulekanitsa Nsambe ndi Tsangano adalembedwa m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, potsata msana wa mapiri pamene madzi amagawikana, popanda kufunsa mfumu kapena mlimi aliyense. Pachibale, maikowa ndi athu. Koma pa malamulo ndi eni ake, ndipo lamulo ndilo limene limagogoda pakhomo usiku. Tiyeni tsono tiwayeze limodzilimodzi, poyamba monga alendo, kenako monga anthu ofuna kumanga nyumba.

Tiyambe ndi Tanzania, dziko limene anyamata amalitchula ndi malovu m'kamwa. Kwa wokacheza ndi wokaoda, palibe mnansi wolipambana. Ukangodutsa pa Songwe n'kulowa pa Kasumulu, msewu wa phula umakutenga kudutsa Kyela ndi Mbeya mpaka ku Dar es Salaam. Msika wa Kariakoo ndiwo umaveka Amalawi ochuluka, ndipo galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu zidatsikira padoko la mzindawo. Kuyambira mu 2024 sitima yamagetsi ikuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma m'maola pafupifupi anayi. Pa mtsinje wa Rufiji amanga damu la Julius Nyerere lopanga magetsi okwana mamegawati 2,115. Wofuna kusangalatsa maso ali ndi phiri la Kilimanjaro lotalika mamita 5,895, nyama za ku Serengeti ndi nyumba zakale za ku Zanzibar. Msilamu woyenda m'mbali mwa nyanja yamchere savutika kupeza mzikiti kapena chakudya cha halali. Zonsezi n'zoona, ndipo wozikana ndi wansanje.

Koma tafunsani Amalawi amene akhala mu Dar es Salaam zaka zambiri, amene eni dziko amawatcha Wanyasa. Ochuluka a iwo amagwira ntchito za m'nyumba, za ulonda ndi zosamalira maluwa kumipanda ya anthu olemera, ndipo ambiri alibe chilolezo chogwirira ntchito. Mu 2013 boma la Jakaya Kikwete lidalamula kuti onse okhala m'dzikomo popanda zikalata atuluke, ndipo Amalawi ambiri adabwerera kudzera pa Songwe ndi zimene manja adatha kunyamula. Mu Julayi 2025 boma la dzikolo lidatulutsa lamulo loletsa anthu osakhala nzika kuchita mitundu 15 ya bizinesi. M'gulumo muli kukonza mafoni, kutumiza ndalama pafoni, saluni, migodi ing'onoing'ono ndi kugula mbewu kumunda kwa mlimi. Taonani bwino mndandandawo. Kodi si ntchito zomwezo zimene mnyamata wochoka ku Nsambe ndi mpamba wochepa amayembekeza kukayamba nazo? Khomo limene akuthamangiralo eni ake adalitseka kale, ndipo adalengeza poyera.

Onjezanipo chinenero. Sukulu za pulaimale za boma ku Tanzania zimaphunzitsa m'Chiswahili, ndipo ofesi, chipatala ndi bwalo la milandu laling'ono zimayenda m'chinenero chomwecho. Chiswahili cha pamsika, chotsutsira mtengo, munthu amachitola m'mwezi umodzi. Chiswahili chodzitetezera nacho pamaso pa woweruza n'china. Ngakhale mtendere umene dzikolo linkatamandika nawo udagwedezeka pa chisankho cha pa 29 Okutobala 2025, pamene zipolowe zidabuka, anthu adafa, intaneti idazimitsidwa ndipo malonda a pamalire adaima kwa masiku. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mu Epulo 2025, maboma athu awiri adatsekerana malonda a zokolola kwa masiku angapo, ndipo amene adalira ndi amayi ogulitsa nthochi ndi tomato pamalire. Akuluakulu akakangana, woyamba kupondedwa ndi mlendo wosauka.

Tsopano Zambia. Kwa munthu wolankhula Chichewa, palibe dziko lina kumene lilime limamasuka ngati kumeneko. Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia limavomereza m'zigawo, ndipo ku Chipata, Katete, Petauke mpaka mu Lusaka munthu amagula, kufunsa njira ndi kudandaula m'chinenero cha amayi ake. Mwezi wa Ogasiti uliwonse Achewa a maiko atatu amakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu Febuluwale Angoni a Mpezeni amachita Nc'wala ku Mtenguleni. Wamalonda ang'onoang'ono wodutsa pa Mchinji ndi Mwami ali ndi mwayi wa ndondomeko ya COMESA yofewetsa zikalata pa katundu wosapitirira madola 2,000. Kuyambira mu Januwale 2022 sukulu za boma kumeneko ndi zaulere mpaka kumapeto kwa sekondale. Wokacheza ali ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone ndi nkhalango ya South Luangwa, imene ili pafupi ndi Chipata kuposa mmene ambiri amaganizira.

Ngati pali dziko limene Mmalawi angakhalemo osamva kuti ali kutali, ndi limeneli. Komabe mvetserani nkhani iyi, inu amene mumati ku Zambia n'kwathu komwe. Kenneth Kaunda adabadwira ku Lubwa, m'boma la Chinsali, mu 1924. Bambo ake, David Kaunda, adachokera ku Nyasaland kukaphunzitsa ndi kulalikira kumeneko. Mwanayo adatsogolera Zambia ku ufulu ndipo adailamulira kuyambira 1964 mpaka 1991. Koma mu 1996, mu ulamuliro wa Frederick Chiluba, malamulo adasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi mbadwa za Zambia, ndipo Kaunda adatsekeredwa kunja. Mu 1999 bwalo lalikulu la ku Ndola lidagamula kuti iye si nzika ya Zambia. Chigamulocho chidathetsedwa pambuyo pake, koma phunziro lake lidatsala. Ngati tate wa fuko adakumbutsidwa kumene bambo ake adachokera patatha zaka zoposa 70 chibadwireni m'dzikomo, kodi wogulitsa kaunjika wa ku Neno ndiye adzaiwalidwa?

Ndipo Zambia ali ndi masautso ake amene wodutsa saona. Mu Novembala 2020 dzikolo lidalephera kubweza ngongole zake zakunja. Kumayambiriro kwa 2024 kolera idavuta mu Lusaka kotero kuti bwalo la zamasewero la National Heroes lidasandutsidwa chipatala ndipo sukulu zidachedwa kutsegulidwa. Chaka chomwecho ng'amba imene idapsereza minda yathu idapserezanso yawo, madzi adatsika m'damu la Kariba, ndipo mabanja ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku. Wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo wa mu Lusaka adagona ndi njala chimodzimodzi mnzake wa ku Ndirande. Mitambo siona chidindo cha pasipoti.

Pano ndiime pang'ono pa bodza limene lasokoneza mitu yambiri, bodza la manambala a ndalama. Mnyamata amasintha kwacha imodzi ya ku Zambia n'kulandira makwacha athu ambirimbiri, basi n'kugamula kuti wa ku Zambia aliyense ndi wolemera kumuposa kambirimbiri. Sadziwa kuti pa 1 Januwale 2013 Zambia idangofufuta maziro atatu pa ndalama yake, K1,000 yakale n'kukhala K1 yatsopano. Mozambique idachita chimodzimodzi ndi metical mu 2006. Palibe amene adadzuka wolemera tsiku limenelo. Taonaninso mbali inayi: mu 2024 dola imodzi inkagula mashilingi a ku Tanzania oposa 2,000, pamene kuno pa mtengo wa kubanki inali pansi pa K2,000. Mwa masamu a anyamata aja, ndiye kuti Tanzania ndi wosauka kuposa ife, chinthu chimene iwo omwe sangavomere. Muyeso woona ndi wakuti: ganyu wa tsiku limodzi amagula ufa wochuluka bwanji kumene ukukhalako, ukachotsa lendi, madzi, makala ndi thiransipoti? Ku Nsambe munthu salipira lendi ya nyumba ya makolo ake. Mu Lusaka ndi mu Dar es Salaam ngakhale pogona pa mphasa pali mwini wake.

Titembenukire ku Mozambique, amene kwa anthu a kwa Dambe si dziko lakutali koma tsidya la phiri. Ku Tsangano ndi ku Angónia amalankhula chinenero chathu, amalima mbatatesi, chimanga ndi nyemba ngati ife, ndipo malo olima alipo ochuluka kuposa kuno kumene tikugawana mizere. Chaka cha njala chimanga cha kumeneko chapulumutsa mabanja ambiri a m'malire. Wokacheza akhoza kukaona damu la Cahora Bassa ku Songo, lopanga mamegawati 2,075, kapena kutsika mpaka kunyanja yamchere ku Nacala ndi pa chilumba cha Ilha de Moçambique. Pa atatuwa, uyu ndiye mnansi amene timabwerekana naye moto.

Koma ife a ku Neno tili ndi chikumbutso chimene maboma ena alibe, ndicho msasa wa Luwani. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, Malawi idasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa ku Mozambique, ndipo ena mwa iwo adakhala pa Luwani pomwepa. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera, tonse tidati zatha. Koma mu 2016 anthu oposa 10,000 ochokera m'chigawo cha Tete adathawiranso pa Kapise m'boma la Mwanza, ndipo msasa wa Luwani udatsegulidwanso. Kuyambira mu 2017 chigawo cha Cabo Delgado chili pa nkhondo. Chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha, zipolowe zidatseka misewu, mafuta adasowa kuno kwathu, ndipo mu Disembala anthu zikwizikwi adawolokera ku Nsanje. Sindikunena izi monyoza abale athu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndikungofunsa kuti: kodi dziko limene eni ake athawiramo kwathu katatu m'moyo wa munthu mmodzi ndilo tigulitsire minda yathu kuti tikakhazikikemo?

Palinso umboni wina umene suchita kufuna buku. Pitani pa zipatala za m'malire, ku Neno, ku Mwanza, ku Ntcheu kapena ku Dedza, mukamve kumene ena mwa odwala achokera. Amayi ambiri a tsidya ilo amawoloka kudzachira ndi kudzabereka kuno, chifukwa chipatala chawo chili kutali. Ife tikuwoloka kufuna munda, iwo akuwoloka kufuna mankhwala. Aliyense akuona chimene alibe. Ndipo ukafika mu ofesi ya boma ku Ulongwe kapena ku Tete, Chichewa chimene mumalankhulana pamsika chimathera pakhomo, m'katimo mumayenda Chipwitikizi.

Tsopano tifike pa mutu weniweni, nkhani ya nthaka, pakuti mlimi wopanda munda ndi wantchito wa wina. Ku Mozambique malamulo amati nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amangopatsidwa ufulu woigwiritsa ntchito, umene amautcha DUAT, ndipo lamulo la 1997 limati mlendo angaupeze pokhapokha atakhala m'dzikomo zaka zosachepera zisanu ndiponso ali ndi ntchito ya chitukuko yovomerezedwa. Ku Tanzania lamulo la 1999 limaletsa kupereka malo kwa wosakhala nzika, kupatula pa ntchito za amalonda akuluakulu obweretsa chuma. Ku Zambia lamulo la 1995 limaika nthaka yonse m'manja mwa pulezidenti, ndipo mlendo amapeza malo pa zifukwa zowerengeka, monga kukhala ndi chilolezo chokhazikika. Tanthauzo lake ndi lomveka. Munda umene mwapatsidwa ndi mfumu kapena mlamu wanu tsidya ilo uli pa chifundo cha amene adakupatsaniyo. Iye akamwalira, kapena ana ake akaufuna, mulibe pepala, mulibe bwalo, mulibe mboni. Mwasiya munda umene agogo anu adagonamo n'kukatsamira wobwereka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimodzimodzi ndi chidindo cha pamalire. N'zoona kuti Mmalawi amalowa m'maiko atatuwa popanda viza. Koma chidindocho ndi cha mlendo, masiku ake ndi owerengeka, sapitirira miyezi itatu, ndipo sichipereka chilolezo chogwira ntchito. Tsiku limene masikuwo atha, munthu amasanduka wobisala. Wobisala sadandaula akamanidwa malipiro, sapita kupolisi akabedwa, amachedwa kupita kuchipatala akadwala. Bwana woipa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakonda wantchito wotere. Amene amakopa ana athu ndi malonjezo a ntchito satchula mbali imeneyi, ndipo amene adapita n'kuvutika amachita manyazi kuinena. Amatumiza chithunzi ataima pafupi ndi galimoto ya wina, ndipo mng'ono wake kumudzi amayamba kuwerenga mtengo wa mbuzi za amayi ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa yankho limene likundidikira, ndipo ndi lolemera. Mnyamata wa ku Nsambe adzati: "Bambo, mwanena zonsezi, nanga kuno ndidye chiyani? Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la feteleza lakwera kuposa mphamvu zanga. Mbatatesi ndalima, koma mvula ikagwa lole sifika, ndipo vendala amene wafika amatchula mtengo umene akufuna." Mnyamata ameneyu sakunama, ndipo aliyense womuyankha ndi mwambi wokha akumunyoza. Pali akuluakulu ena amene amathamangira kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, pofuna kutseka pakamwa ana amene akufunsa mafunso oyenera. Amenewonso ndikutsutsana nawo. Mwambi sudzaza nkhokwe. Kukonda dziko kumene kumaletsa munthu kuona pamene anzake amupambana ndi ulesi wovala mbendera.

Koma taonani chimene kuyerekeza koona kumatiphunzitsa. Kumapiri a kumwera kwa Tanzania, ku Njombe ndi ku Mbeya, kumazizira ngati ku Nsambe. Amalima mbatatesi ngati ife. Mlimi wa kumeneko alibe manja anayi. Chimene ali nacho ndi msewu waukulu wa phula wochokera ku Zambia kupita ku Dar es Salaam, umene wakhala ukudutsa m'chigawo chawo kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamodzi ndi njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 imene China idamanga m'zaka zomwezo. Mbatatesi yokumbidwa lero imafika mumzinda isanafote. Mapeyala a ku Njombe ndi ku Rungwe akugulitsidwa kunja kwa Africa. Nthochi za ku Tanzania zadzaza misika yathu chifukwa zathu za ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay zidatha ndi matenda a chisaka. Kusiyana kwa mlimi wa ku Njombe ndi wa ku Nsambe sikuli m'nthaka kapena m'magazi. Kuli pa msewu.

Ndipo apa ndi pamene mtima umawawa. Neno idakhala boma palokha mu 2003, itapatuka ku Mwanza. Kuchokera nthawi imeneyo msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza walonjezedwa ndi maboma otsatizanatsatizana, ndipo ntchito yake yayenda mwa kamba. Pamene tikudikira, njanji yochokera ku migodi ya Moatize kupita kudoko la Nacala idamangidwa kudutsa m'boma lathu lomweli, ndipo sitima za malasha zimadutsa usana ndi usiku. Nsanamira za chingwe cha magetsi chochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kupita ku Phombeya m'boma la Balaka zadutsanso m'dera lathu. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, m'malire mwathu momwemu, pa Nkula ndi pa Tedzani. Mwachidule, malasha a eni ake adapezeredwa njira kudutsa mu Neno, koma mbatatesi, tirigu ndi manachesi a mwini Neno alibe njira yotulukira. Dziko limene limagula pafupifupi tirigu wake yense kunja lili ndi mapiri amene tirigu amamera, koma silidawafikitsire phula. Ameneyu ndiye mdani wa mnyamata uja, ndipo sangamugonjetse pothawira ku Kariakoo.

Choncho tiyerekeze ndithu, koma tiyerekeze kuti tidziwe chofunsa. Amene mwaona sitima ya ku Dodoma, musabwere kudzatinyoza nayo. Bwerani mudzaime pamsonkhano wa phungu ndi khansala, mufunse kuti makilomita angati a msewu wathu atha chaka chino, ndalama zake zidaperekedwa zingati, ndipo ntchito idzatha liti. Amene mwamva kuti Zambia idakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu kuchoka pa makwacha a kumeneko 1.6 miliyoni kufika pa 25.7 miliyoni mu 2022, funsani kuti thumba lotere la kuno lagwira ntchito yanji kwa Dambe, ndipo malisiti ake ali kuti. Amene mwaona alimi a ku Njombe akugulitsa pamodzi, bwerani mudzasonkhanitse alimi khumi kuti mubwereke lole imodzi m'malo modikira vendala aliyense payekha. Mutu umodzi susenza denga. Mawu amenewa mungawanene mokweza kuno kokha, chifukwa kuno ndinu nzika. Ku Mbeya, ku Chipata ndi ku Tete mulibe voti, ndipo wopanda voti amayamika ngakhale pamene akuponderezedwa.

Wondifunsa chigamulo changa pa maiko atatuwa ndimuyankha mosazungulira. Kokaoda katundu ndi kokaphunzira mmene msewu, njanji ndi doko zimadzutsira dziko, pitani ku Tanzania. Kokacheza ndi abale, kochita malonda ang'onoang'ono a pamalire, ngakhale kokagwira ntchito ngati muli ndi luso ndi chilolezo, Zambia ndiye wofewa koposa kwa wolankhula Chichewa. Kogula ndi kugulitsa zokolola, kukwatirana ndi kulirana maliro, Mozambique ndi khomo loyandikana nalo, ndipo tilisunge bwino. Maikowa adatisungirapo anthu athu pa nthawi yovuta, monga Kanyama Chiume amene adakhala ku Tanzania zaka zambiri atathawa mkangano wa nduna wa 1964, ndipo ifenso tidasunga awo. Ulemu umenewo ukhalepo. Koma kokakhazikika popanda pepala, popanda luso ndi popanda munda wobwererako, palibe ngakhale limodzi mwa atatuwa limene ndingatumizeko mwana wanga.

Kwa amene mwatsimikiza mtima kupita, pitani masana, podzera pachipata, pasipoti ili m'thumba. Dziwani dzina ndi malo a amene akukuitanani, ndipo abale anu awadziwenso. Werengani masiku a chidindo chanu monga mmene mumawerengera ndalama. Phunzirani chinenero cha eni dziko ndi kulemekeza malamulo awo, pakuti ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Koposa zonse, munda musagulitse. Ubwerekeni kwa mbale, ulimidwe, ukudikireni. Mapanga awiri avumbwitsa, koma wopanda phanga ndi limodzi lomwe mvula imamupeza pamtetete.

Ndipo kwa inu makolo, mafumu ndi atsogoleri a m'midzi, mwana akabwera ndi nkhani ya ulendo musamukalipire, komanso musamuthandize kugulitsa nthaka. Mukhazikeni pansi mumufunse mafunso asanu aja: akadwala, akabereka, akalima, akaimikidwa ndi wapolisi, akamwalira. Ngati ali ndi mayankho, mudalitseni apite. Ngati alibe, ndalama ya basiyo igule mbewu, ndipo mkwiyo wakewo aupititse kumene ukuyenera, kwa amene adalonjeza msewu.